Mbiri ya Lobi ili m'mapiri, m'madambo ndi m'kamwa mwa agogo

Pa msonkhano wa mwezi uno tidaitana mlangizi wa kalabu yathu, agogo athu mphunzitsi wopuma ntchito, kuti atiyankhule za mbiri ya dera lino. Ambiri amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni mudapempha kuti tiike pano. Nazi zomwe adanena, monga adatipatsira papepala, pamodzi ndi zina zomwe adaonjezera ali chiimire.

*

Zikomo a wapampando, zikomo a komiti, ndi inu nonse ana anga. Ndikuona ena mwachokera kudimba osadutsa n'kunyumba komwe. Mwachita bwino, khalani pansi.

Ndiyambe ndi funso. Mnzanu kusukulu kapena kuntchito akakufunsani kuti kwanu n'kuti, mumati ku Dedza. Akafunsitsa, mumati ku Lobi, kwa Kachere. Ndiye akati, "Kodi ku Lobiko kuli chiyani?" mumayankha bwanji? Ndamvapo ambiri a inu: kabichi, mbatata ya kachewere ndi kuzizira. Basi mwamaliza. Si bodza ayi, zitatuzo tili nazo ndithu. Koma dera lino lili ndi mbiri yaitali kuposa matauni ambiri amene mumawasirira. Vuto lake n'lakuti mbiriyo yambiri sili m'mabuku. Ili pamiyala, ili m'madambo, ili m'mayina a malo ndi m'kamwa mwa anthu okalamba. Ndipo zonsezi zikutha ife tikuona. Nkhani yanga lero ndi imeneyo.

MADZI NDI MALIRE

Tiyambe ndi nthaka yomwe tapondayi. Ife timakhala pamwamba. Phiri la Dedza ndi lotalika mamita pafupifupi 2,200 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja yamchere, ndipo ngakhale ife a m'munsi mwake tili pamtunda kwambiri poyerekeza ndi anzathu a ku Mtakataka kapena ku Golomoti, m'boma lomweli. N'chifukwa chake mu Juni ndi Julaye mumadzuka mano akugundana, pomwe iwo akugona osafunda. N'chifukwa chakenso kachewere, nsawawa, kabichi ndi mapichesi zimatikonda.

Tsono tamverani izi. Mvula ikagwa kuno, madzi ake amatsika m'timitsinje tathuti n'kukathera mu Linthipe, ena kudzera mu Diamphwe, ndipo Linthipe amakawathira m'nyanja ya Malawi ku Salima. Koma mukangowoloka malire kulowa ku Angonia, mvula yomweyo, mtambo womwewo, madzi ake amaloza kwina. Amatsikira mu Revubwe, mtsinje umene umakalowa mu Zambezi ku Tete. Mu 1891, Angerezi ndi Apwitikizi pogawana dziko adagwirizana kuti chigawo chino malire atsate msana umenewu, pamene madzi amasiyanirana. Adayang'ana madzi, sadayang'ane anthu. Motero banja limodzi lidapezeka lagawika, malume ku Mozambique, mphwake ku Nyasaland. Mpaka lero chiyankhulo n'chimodzi, gule ndi mmodzi, maliro timalira limodzi, ukwati timavinira limodzi. Mukamva wina akunyoza kuti "awa ndi a ku Mozambique", mufunseni kuti agogo ake aakazi adabadwira kuti. Kawirikawiri amangoti zii.

MIYALA YOLEMBEDWA

Angati mwa inu adakwerapo phiri la Mphunzi kukaona zojambula za pamiyala? Kwezani manja. Mwaona? Ochepa. Chonsecho si kutali, wa njinga amapita n'kubwerako dzuwa likadalipo.

Mphunzi ndi gawo la malo otchedwa Chongoni Rock Art Area. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse lapansi. Adali malo achiwiri m'Malawi muno kulandira ulemu umenewu, oyamba adali paki ya kunyanja ku Cape Maclear mu 1984. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula, ndipo odziwa za zimenezi amati pakati pa Africa pano palibe kwina kumene zidaunjikana chotere. Odziwika kwambiri, amene alendo amapitako, ndi atatu: Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi wathuyu.

Mukafika, muyang'ane mitundu iwiri. Pali zojambula zofiira: mizere, timadontho, zozungulira zina m'kati mwa zinzake. Zimenezi ndiye zakale zedi. Adajambula ndi Akafula, ena amati Abatwa, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene makolo athu adawapeza kuno. Ndi aja agogo ankatisimbira kuti ukakumana nawo amafunsa kuti, "Mwandionera pati?" ndipo wanzeru amayankha kuti, "Ndakuonerani patali." Enanu mumayesa nthano chabe. Mu 1972 katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, adakumba m'phanga la Mwana wa Chencherere. Adapeza zipangizo zamiyala, mafupa a nyama ndi mapale a mbiya. Zofukula ngati zimenezi zidaonetsa kuti osakawo adakhala moyandikana ndi alimi kwa zaka mazana ambiri, akusinthana zinthu. Choncho munthu wa "mwandionera pati" adalikodi, ndipo dzanja lake lidakali pamwala.

Kenaka pali zoyera, zopakidwa ndi chala, za dothi loyera. Zimenezi ndi za Achewa, makolo athu enieni. Zina zimaoneka ngati buluzi kapena ng'ona yotambasula miyendo, ngati ukuiona uli pamwamba. Izi zidali za anamkungwi, pophunzitsa atsikana kuchinamwali. Amayi muli panonu, imvani bwino: zambiri mwa zojambula zimene azungu amakwerera ndege kudzaona zidapangidwa ndi manja a akazi. Zina ndi za Nyau, zilombo za gule, makamaka ku Namzeze. Tanthauzo lake sindilowamo, eni ake alipo ndipo ali ndi malo ake oyankhulira. Chimene ndinganene pagulu n'chakuti zambiri za Nyauzi zidajambulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900, nthawi imene gule ankapanikizidwa ndi Angoni, amishoni ndi boma la atsamunda. Anthu adabisa m'mapanga chimene sankafuna kuti chife. Gule yemweyo mu 2005 UNESCO idamulemekeza kuti ndi chuma cha anthu onse.

Tsono pitani mukaone zomwe zikuchitika m'mapanga ena. Mupeza wina walemba ndi khala dzina lake ndi la chibwenzi chake pamwamba penipeni pa chojambula. Wina wasonkha moto m'phanga kuotcha chimanga, utsi wadetsa mwala. Wina wathirapo madzi kuti chithunzi cha pafoni chioneke bwino. Chinthu chapirira mvula ndi dzuwa mibadwomibadwo, mnyamata mmodzi n'kuchiononga m'mphindi zisanu. Chibwenzicho mwina chidatha kale, koma khala lija lidakalipo. Lamulo la dziko limaletsa zimenezi, koma pamwala sipangakhale wapolisi usana ndi usiku. Mlonda wake ndinu.

NTHAWI YA NKHONDO NDI YA MISHONI

Mudadzifunsapo chifukwa chake pamwamba pa mapiri ena, pamalo povuta kufika, abusa a mbuzi amatola mapale ndi kupeza mphero? Ndani angakonde kutunga madzi m'dambo n'kukwera nawo phiri tsiku ndi tsiku? Ndi mantha amene adakweza anthu kumeneko. Cha m'ma 1870 Angoni a kwa Maseko, atabwerera kuchokera ku Songea m'dziko la Tanzania, adakhazikika ku phiri la Domwe, tsidya ilo ku Angonia. Mbali ya kunyanja kudali Ayao a malonda a minyanga ndi akapolo. Midzi yambiri ya Achewa idathawira m'mapiri, ina idamanga malinga, ina idagonja n'kukhala pansi pa mafumu a Chingoni. Mu 1896 asilikali a Angerezi adapha Inkosi Gomani yoyamba, ndipo mphamvu ya nkhondo ya Angoni idathera pamenepo.

Koma onani chimene chidatsatira. Ogonjetsa aja adakwatira ana a ogonjetsedwa, ana awo n'kuyamba kuyankhula chiyankhulo cha amayi awo. Lero m'mudzi umodzi muli a Phiri ndi a Banda, muli a Maseko ndi a Ngozo, ngoma ikuvinidwa uku, gule uko. M'chipinda chino ambiri muli ndi magazi a mbali zonse ziwiri. Ndiye wandale akadzabwera kudzakugawani ndi mitundu, mudzamuuze kuti wachedwa, agogo athu adaimaliza kale nkhani imeneyo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa, omwe adayamba ku Mvera mu 1889 n'kufika ku Nkhoma mu 1896, adatsegula mishoni ku Mphunzi. Akatolika adali ku Mua kuyambira 1902, kenaka adakwera ku Bembeke. Adabwera ndi sukulu, belo ndi njerwa zootcha. Boma la atsamunda lidabwera ndi msonkho wa nyumba, ndipo msonkhowo udatulutsa amuna m'midzi: ena ku Halale, ena ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Ena adabwerera ndi njinga, makina osokera ndi malata, ena adasanduka matchona osaonekanso. Inu amene mukukonza mapasipoti lero, dziwani kuti njira imeneyo adayamba ndi azigogo anu. Afunseni zomwe adapeza ndi zomwe adataya, musanakwere basi.

MMENE LOBI ADAKULIRA

Lobi amene mukumudziwayu, wa masitolo, msika ndi maofesi, si wakale kwambiri. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mpaka m'ma 1980, boma mothandizidwa ndi dziko la Germany lidasankha malo angapo akumidzi kuti akhale ma Rural Growth Centre. Maganizo ake adali akuti munthu wakumudzi apeze msika, chipatala, sukulu, positi ofesi ndi msewu pafupi, asamangothamangira kutauni. Padali Thekerani ku Thyolo, Mkhota ku Kasungu, Bolero ku Rumphi, Mbalachanda ku Mzimba, Tsangano ku Ntcheu, ndipo kuno ku Dedza adasankha Lobi. Nyumba zina za boma zimene mumazidutsa osaziyang'ana n'komwe ndi za nthawi imeneyo. Nazonso ndi mbiri.

Kenaka kudabwera nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Kuyambira cha mu 1986 anthu adayamba kukhamukira kuno, ndipo pofika kumayambiriro kwa m'ma 1990 Malawi adali atalandira othawa kwawo oposa 1 miliyoni. Ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri sadakhale m'misasa yotchingidwa ayi, adakhala m'midzi momwemu, pakati pa abale awo. Mafumu adawapatsa malo, tidagawana zitsime, nkhuni ndi manda. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, ambiri adabwerera. Ndiye mu 2002 njala itavuta kuno, ndi angati a ife amene tidawoloka malire omwewo kukasuma ndi kukagwira ganyu kwa anthu omwe aja? Amayi anu akudziwa. Nkhani imeneyi, ya momwe tidasungirana, ndi chuma choposa nyumba iliyonse pa Lobi pano, koma amene adaiona ndi maso akukalamba.

Za madimba ndisachedwepo, mukuzidziwa kuposa ine. Ndingokumbutsa kuti m'zaka za m'ma 1990 ndi m'ma 2000 alangizi odzipereka ochokera ku Japan adagwira ntchito ndi alimi a kuno pa ulimi wa ndiwo zamasamba ndi kumezanitsa mitengo ya zipatso. Mtengo womezanitsa uli kuseri kwa nyumba yanuwo uli ndi nkhani yake. Funsani amene adaudzala.

ZIMENE TIKUTAYA

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa. Kalembera wa 2008 adapeza anthu pafupifupi 625,000 m'boma la Dedza. Wa 2018 adapeza oposa 830,000. Anthu 200,000 oonjezera m'zaka khumi zokha, nthaka ili yomweyo. Aliyense akufuna munda, poloti, njerwa ndi nkhuni. Sindikudzudzula munthu, inenso ndimaphikira nkhuni. Koma tiyeni tione chimene chikulipira.

Choyamba ndi dambo. Dambo lili ngati nkhokwe ya madzi. Nthawi ya dzinja udzu ndi dothi lakuda lija zimamwa madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mpaka Okutobala. Ndiye chinsinsi cha madimba athu. Ukalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ukadula katope ndi mkuyu za m'khwawa, ukakumba njerwa pagwero, ukadzala bulugamu pakasupe, madzi amvula amangodutsa tsiku limodzi, kusiya chigwembe. Chaka chamawa chitsime cha kudimba ukumba chozama kuposa cha chaka chino. Amene mumathirira ndi khasu ndi ndowa mukundimva. Kabichi amene timanyadira uja amamwa m'dambo. Dambo likafa, dzina la Lobi pamsika wa ku Lilongwe lifanso.

Chachiwiri ndi mitengo yachilengedwe. Mukafuna kuona mmene dziko lino lidalili kale, lili ndi masuku, mombo ndi muwanga, mupita kuti? Kumanda. M'midzi yambiri nkhalango yachilengedwe yatsala ndi ya kumanda yokha, chifukwa mwambo udaiteteza. Taganizani, akufa akusunga mitengo kuposa amoyo. Nkhalango ya Chongoni boma lidaiteteza kuyambira 1924, ya Dzalanyama nayonso ndi yotetezedwa, koma matumba a makala mumakumana nawo panjira m'mawa uliwonse. Ku Dzalanyama komweko n'kumene kuli Kaphirintiwa, pamene makolo a Achewa amati anthu oyamba adapondapo mwala ukadali wofewa. Tikumeta mutu wa malo amene timati tidachokera.

Chachitatu, chimene chimatha mwakachetechete, ndi mayina. Kale dambo lililonse, kasupe aliyense, mwala waukulu uliwonse zidali ndi dzina, ndipo dzinalo linkanena kanthu: pano padafera njovu, apa ankasulirapo makasu, apa ankathirirapo nsembe ya mvula, uku kudali mudzi wa uje usanasamuke. Lero mwana wa kabaza ukamufunsa amati "pa tawa", "pa filling", "kuseri kwa bala". Pitani ku Lilongwe mukaone mathero ake. Likulu litasamukira kumeneko mu 1975, malo amene padali midzi ndi minda adasanduka Area 18, Area 25, Area 47. Funsani wobadwira ku Area 25 kuti nambalayo isanabwere pamalopo pankatchedwa chiyani. Ambiri angokuyang'anani. Lobi si Lilongwe, koma njira yake ndi yomweyo: poloti imadya munda, dzina latsopano limadya lakale. Chitukuko tikuchifuna, magetsi ndi msewu wabwino tikuzifuna. Koma munthu amatha kumanga nyumba yamalata osafafaniza dzina la agogo ake.

NTCHITO YANU

Sindidabwere kudzangodandaula. Ndabwera ndi ntchito, ndipo siifuna dona kapena alawansi.

Yoyamba. Aliyense wa inu asankhe okalamba atatu a m'mudzi mwake, pakhale mayi mmodzi kapena awiri, chifukwa kwathu kuno mbiri ya mbumba amasunga ndi amayi. Mupite mwaulemu, osati chipewa chili kumutu. Muyambe mwaonekera kwa amfumu. Mukhale pansi, muthandize kutongola chimanga, kenaka mufunse. Mudzi uno udachokera kuti? Dzina lake limatanthauza chiyani? Mfumu yoyamba idali yani? Dambo ili, phiri ilo, mtsinje uwo, mayina ake ndi ati? Nthawi ya othawa nkhondo kudafika ndani pakhomo pano? Mukafuna kujambula mawu pafoni, mupemphe kaye. Akakuuzani kuti ichi n'cha kudambwe kapena cha kutsimba, muzimitse foni, musachiike pa Facebook. Safunsa adadya phula, koma wofunsa mopanda mwambo amabwerako chimanjamanja.

Yachiwiri. Zomwe mwamvazo muzilembe m'buku, hadikava yeniyeni. Foni imabedwa, memori imafa, gulu la WhatsApp limatha anthu akakangana. Mabuku akhale awiri, lina lisungidwe kusukulu, lina kwa amfumu. Papepala lalikulu mujambule mapu a dera lathu ndi mayina akale onse. Okalamba awiri akasiyana pa nkhani imodzi, lembani zonse ziwiri ndi kunena kuti uyu adati chakuti, uyu chakuti. Musakhale oweruza.

Yachitatu. Mvula isanayambe, kalabu yonse ipite ku Mphunzi, ndi munthu wodziwa malowo wotsogolera. Malamulo ndi anayi basi: osakhudza, osathira madzi, osasonkha moto, osalembapo. Mutenge ana a ku pulayimale, chifukwa amene adzalembe ndi khala mawa ndi omwewo ngati palibe wowauza. Ndipo ena mwa inu amene Chingerezi chimakuyenderani, phunzirani nkhani ya malowa bwinobwino. Alendo amadutsa pa M1 tsiku lililonse. Sindikukulonjezani kuti mulemera nazo, koma mlendo akafika n'kupeza mwana wa pompano akufotokoza molongosoka, n'zosiyana ndi kupeza ana ongopempha ndalama.

Yachinayi. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Nazale yanu chaka chino isakhale ya bulugamu ndi paini zokhazokha. Tolani njere za katope, masuku ndi mthethe, dulani nthambi za kachere ndi mkuyu. Sankhani gwero limodzi la mtsinje, limodzi lokha, mugwirizane ndi amfumu ndi eni minda, mulisamale zaka zitatu. Kudzala mitengo 5,000 tsiku limodzi pamaso pa kamera n'kosavuta. Kusamala 200 mpaka ikule, kuiteteza ku mbuzi ndi moto wolusa, ndiye ntchito.

Mwina wina akuti, "Agogo, ife tikusowa ntchito, feteleza wakwera, inu mukutiuza za miyala?" Ndakumvani, ndipo funsolo ndi labwino. Koma taonani: madzi a kudimba kwanu akuchokera m'dambo lomwe ndikunenalo. Mlandu wa malire a munda ukabuka, amene amapambana pabwalo ndi wodziwa kuti malowo adali a yani ndipo ankatchedwa chiyani. Wobwera ndi ndalama kudzagula phiri kuti aphwanye miyala amakondwa akapeza anthu osadziwa chimene chili m'phirimo. Munthu wosadziwa chimene ali nacho amachigulitsa motchipa.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, timatero. Koma dambo nalonso limauma. Okalamba amene adaona Lobi asanakhale tauni atsala owerengeka, ndipo mwezi uliwonse timaperekeza mmodzi kumanda. Amene mukufuna kukamufunsa chaka chamawa, mukamufunse sabata ino.

Zikomo pondimvera. A wapampando, ndabweza mawu kwa inu.

*

Komiti yagwirizana kuti tiyambe ndi ntchito yofunsa okalamba. Tigawana m'magulu potsata midzi Loweruka likubwerali, ndipo amene muli ndi mafoni ojambula bwino mawu mubwere nawo atadzaza moto. Inu a kutali, musakhale chete: lembani m'munsimu dzina limodzi lakale la dambo, phiri kapena kasupe wa kumudzi kwanu, ndi tanthauzo lake ngati mudaliuzidwa. Mlembi adzazikopera m'buku.